SITIMA TINGAGULE, NANGA AMALINYERO? ZIMENE WANTCHITO WAMBA WA PANYANJA AYENERA KUDZIWA

Chaka ndi chaka, ikafika miyezi yozizira ya May, June ndi July, ofesi ya Boma yoona za nyengo, imene likulu lake lili mumzinda muno mwa Blantyre, imalengeza pa wailesi kuti pa Nyanja ya Malawi pawomba mphepo ya mwera, ndipo asodzi ndi onse oyenda pamadzi achenjere. Ife a m'tauni timamva mawuwo tili m'minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre, titavala majuzi chifukwa cha chiperoni, ndipo timayesa kuti ndi nkhani ya anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma. Komatu mphepo imene imakuta phiri la Soche ndi la Ndirande ndi chifunga imachokera mbali yomweyo ya kummwera chakum'mawa, ndipo ikafika panyanja, pamene palibe phiri loitchinga, imautsa mafunde otalika kuposa munthu.

Nkhani ya nyanja ikalowa m'maofesi athu, kawirikawiri imakhala ya zitsulo ndi ndalama: kuti Ilala yakalamba, pakuti inayamba maulendo ake mu 1951, kuti pafunika sitima ina yoilowa m'malo, kuti madoko a Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba afunika kukonzedwa. Zonsezi n'zoona, ndipo Boma lichita bwino kuikapo mtima. Koma pali mbali ina imene sitiimva ikukambidwa, ndiyo ya munthu amene amaponya chingwe padoko, amene amatsitsa nangula, amene amakhala maso kutsogolo kwa sitima pakati pa usiku ena onse ali m'tulo. Sitima tingathe kuigula ndi ngongole m'chaka chimodzi, koma kuti mnyamata asanduke mmalinyero wodalirika pamapita zaka. Tsono m'nkhani ino tifuna kufotokozera awerengi athu zimene munthu wotereyu ayenera kudziwa, ndi chifukwa chake maphunziro ake ali nkhani ya dziko lonse.

Poyamba tichotse maganizo akuti Blantyre alibe gawo pa za nyanja. Nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882 ndipo ilipo mpaka lero, inali likulu la kampani ya African Lakes ya abale awiri John ndi Frederick Moir, ndipo kampaniyo inkayendetsa sitima pa Shire ndi panyanja. Pambuyo pake ntchito ya sitima zonyamula anthu inalowa m'manja mwa Nyasaland Railways, imene ofesi yake yaikulu inali ku Limbe. Ilala imene tikuidziwayi inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, inadutsa pa njanji ya Limbe yomweyi kupita ku Chipoka, ndipo anakailumikiza ku Monkey Bay. Kwa zaka zambiri za nyanja zinkalembedwa ndi akalaliki okhala kuno kumtunda, amene ntchito yawo inali ya cholembera osati ya chingwe. Lero maofesi ambiri anasamukira ku Lilongwe, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: amene amagawa ndalama za nyanja amakhala kutali ndi nyanja.

Ku Monkey Bay kuli nyumba ziwiri zimene nkhani yathu ikukhudza. Yoyamba ndi ya asilikali a pamadzi a gulu lankhondo la Malawi, amene amalondera nyanja ndi maboti awo. Inayo ndi sukulu ya Boma ya Marine Training College, kumene amaphunzira oyendetsa sitima za anthu ndi katundu pamodzi ndi okonza injini. Yunifolomu zawo n'zosiyana ndipo akuluakulu owalamulira ndi osiyananso, koma zimene msilikali wamba wa paboti ayenera kudziwa tsiku loyamba ndi zomwezo zimene wantchito wa pa Ilala ayenera kudziwa. Ambiri a ife mawu akuti amalinyero tinayamba kuwamva m'kalasi ya Baibulo kusukulu ya mishoni, pa nkhani ya Yona ndi ya kusweka kwa ngalawa ya Paulo, ndipo tinkayesa kuti ndi anthu a maiko akutali. Mawuwo anachokeradi kwa Apwitikizi, koma ntchitoyo ndi yakale kwathu kuno. Makolo athu ankaoloka nyanjayi ndi mabwato, a Jumbe a ku Nkhotakota anali ndi zombo zamatanga, ndipo mu October 1875 Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanja motsogozedwa ndi E. D. Young, munthu wa gulu lankhondo la pamadzi la ku Britain.

ZIMENE ZINACHITIKIRA VIPYA

Amene anafikapo ku Mangochi anaona, pafupi ndi chipilala cha wotchi chimene chili kufupi ndi mlatho, chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pa 30 July 1946. Sitima yake inali Vipya, ya Nyasaland Railways, yatsopano ndithu, pa ulendo wake wachinayi chabe. Inali kuyenda kumpoto kwa nyanja mwera uli pachimake, ndipo inagudubuzika ndi kumira kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Palibe ngozi ina ya sitima m'mbiri ya dziko lino imene inapha anthu ochuluka chotere.

Amene analemba za ngoziyi amatchula zinthu zitatu: kuti sitimayo inali yolemera kumwamba, kuti madzi a mafunde analowa m'kati, ndi kuti antchito anaona kuti zinthu zaipa koma ulendo sunasinthidwe. Ambiri mwa akufawo anali Aafirika a kalasi yotsika, amene malo awo anali pansi, kumene kutuluka kunali kovuta. Sitifuna kuweruza akufa. Koma tikayang'ana zitatuzi tiona kuti chimodzi chokha, ndicho kapangidwe, chinali m'manja mwa akatswiri a kunja. Ziwiri zinazo zinali ntchito ya tsiku ndi tsiku ya anthu a m'sitimamo.

Tiyambe ndi madzi olowa m'sitima, pakuti apa ndi pamene ngakhale anthu ophunzira amalakwitsa. Amaganiza kuti sitima imamira chifukwa madziwo ailemera. Nthawi zina zimaterodi. Koma kawirikawiri sitima imagudubuzika madzi asanachuluke n'komwe, chifukwa cha kuyendayenda kwa madziwo. Mayi aliyense wotunga madzi ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa kusiyana kwa chigubu chodzaza chotsekedwa ndi beseni lodzaza theka. Chigubu n'cholemera, koma chimakhala phee pamutu. Beseni likangopendama pang'ono, madzi onse amathamangira mbali yomweyo, ndipo limapendama koposa. N'chifukwa chake amayi amaika masamba pamwamba pa ndowa kuti madzi asagavire. Sitima imene madzi afalikira pansi pake ponse yasanduka beseni lalikulu: funde likaipendeketsa kumanzere, madzi a m'kati amatsatira kumanzereko, ndipo isanadzuke funde lina lafika kale.

Chotero opanga sitima amagawa m'kati mwake ndi makoma achitsulo okhala ndi zitseko zosalowa madzi, amene ntchito yawo ndi ya masamba a mayi uja. Koma khoma lotere lilibe phindu ngati wina wasiya chitseko chake chotsegula chifukwa cha kutentha, kapena ngati chivundikiro cha chipinda cha katundu sichinamangidwe mwera usanayambe. Amene amatseka zitsekozo si kaputeni ayi. Ndi mmalinyero wamba, ndipo ndi iyenso amene amatsitsa ndodo yoyezera m'mayenje a pansi pa sitima nthawi ndi nthawi kuti aone ngati madzi akukwera, ndi kuyesa mapampu ngati akukoka. Mnyamata amene anangouzidwa kuti azitseka chitseko adzachiiwala tsiku lotentha. Amene anauzidwa za beseni, nazimvetsa, adzachitseka ngakhale palibe womuona.

Kapakiridwe ka katundu lamulo lake n'losavuta kunena: zolemera pansi, zopepuka pamwamba, mbali zonse zofanana, ndipo chilichonse chimangidwe kuti chisasunthe. Kulisunga ndiye kovuta, pakuti padoko pamakhala matumba a chimanga, a simenti ndi a usipa, malata, migolo ya mafuta, ndi eni ake amene aliyense afuna kuti katundu wake akhale pamene angamuone. M'mbali mwa sitima muli chizindikiro chosonyeza pamene madzi ayenera kulekezera. Chikabisika m'madzi, sitimayo yasenza mopitirira, ngakhale pakhale bwana wina akudikira kuti zake zikwere. Anthu nawonso amalemera, ndipo kuipa kwawo n'kwakuti amasuntha okha. Mu September 2018 pa Nyanja ya Victoria ku Tanzania sitima ya Nyerere inagudubuzika itatsala pang'ono kufika padoko la chilumba cha Ukara, ndipo anthu oposa 200 anafa. Inali itadzaza kuposa muyezo, ndipo anthu anakhamukira mbali imodzi pokonzekera kutsika. Mmalinyero amene amakalipira apaulendo kuti akhale pansi sitima ikamayandikira gombe sachita mwano, ngakhale ife ovala mataye timakhumudwa naye.

Chinthu chachitatu chija ndicho chovuta koposa, pakuti chikukhudza kaleredwe kathu. Pa sitima mwambo wa kumvera ndi wolimba kuposa wa mu ofesi iliyonse, ndipo uyenera kutero, chifukwa namondwe akafika sipakhala nthawi ya msonkhano. Koma mwambo womwewo umalamula wamng'ono kuti anene zimene waona msangamsanga, momveka, ndipo abwereze ngati sanamvedwe. Kwathu kuno tinaleredwa kuti mwana salankhula akulu asanamufunse, ndipo m'maofesi a Boma kalaliki amadikira kuti fayilo ikwere mwa njira yake. Ulemu wotere ndi woyenera pabwalo la mfumu, koma pamadzi ungathe kumiza sitima. Mphunzitsi wa amalinyero ali ndi ntchito yophunzitsa mnyamata waulemu kuti afuule, ndiponso yophunzitsa ofisala kuti kufuulako asakuyese chipongwe.

ULONDA WA USIKU

Sitima ikakhala paulendo pamakhala ena odzuka nthawi zonse. Mwambo wakale wa amalinyero m'maiko ambiri ndi wakuti munthu amalonda maola anayi ndi kupuma maola asanu ndi atatu. Amene waikidwa kuti ayang'ane kutsogolo sapatsidwa ntchito ina, ndipo masiku ano tiyenera kuwonjezera kuti foni ya m'manja ikhale m'thumba, pakuti kuwala kwake kumachititsa khungu maso amene anazolowera mdima. Pa nyanja yathu wa ulonda ali ndi zambiri zoti asiyanitse. Usiku asodzi a usipa amayatsa nyali pamabwato awo mpaka nyanja imaoneka ngati mzinda; ena amakhala opanda nyali konse, ndipo pakati pawo pali maukonde amene angathe kukulunga chopalasira cha injini. Masana mlendo akaona mtambo wa nkhungu, tizilombo touluka tija timene anthu a m'mbali mwa nyanja amapanga nato ndiwo, amayesa utsi wa boti loyaka. Pa zimenezi mwana wa msodzi wa ku Chizumulu kapena ku Makanjira amaposa mnzake wa ku Chilomoni amene anakhoza bwino mayeso, ndipo sukulu yanzeru iyenera kumulola kuti aphunzitse anzake.

Koma pali zina zimene bwato siliphunzitsa. Malamulo a maiko onse oletsa kugundana kwa sitima, amene anakonzedwa mu 1972, amati sitima iyatse nyali yofiira kumanzere kwake, yobiriwira kumanja, ndi zoyera pamlongoti ndi kumbuyo. Wa ulonda akaona yofiira yokha kapena yobiriwira yokha amadziwa mbali imene inzake yalozera. Akaona zonse ziwiri pamodzi, ndiye kuti ikubwera molunjika, ndipo sitima zonse ziwiri ziyenera kukhotera kumanja kwawo. Apa pali msampha kwa Mmalawi: pamsewu tinazolowera kusunga kumanzere, koma pamadzi lamulo ndi la kumanja. Lipenga la sitima nalonso limalankhula. Likalira kamodzi mwachidule, sitimayo ikukhotera kumanja, kawiri, kumanzere, katatu, injini zake zikukankhira m'mbuyo, kasanu motsatizana, ikuchenjeza inzake kuti sikumvetsa zimene ikuchita.

Wogwira chiwongolero akapatsidwa lamulo amalibwereza mokweza asanachite, ndipo akachita amanenanso kuti wachita. Kwa mlendo izi zimaoneka ngati masewera a ana a sukulu, komatu ndi njira yokhayo yodziwira kuti mawu amene anatuluka pakamwa ndi omwewo amene analowa m'khutu pakati pa phokoso la injini ndi mphepo. Ayenera kudziwa kampasi ndi madigiri ake 360: kumpoto 0, kum'mawa 90, kummwera 180, kumadzulo 270. Mailo ya pamadzi ndi mamita 1,852, yaitali kuposa ya pamtunda, ndipo sitima yoyenda mailo khumi otere pa ola imafuna maola anayi kuti ithe mailo 40. Aphunzitsi a masamu aona kuti ndi phunziro lomwe lija la liwiro, mtunda ndi nthawi limene ana amati lilibe ntchito. Zoona, lero kuli makina a GPS oonetsa malo, koma makina amafa batire ikatha, ndipo pamenepo wotchi, kampasi ndi pensulo ndizo zimatsala.

Tisaiwale kukula kwa madzi amene tikukambawa. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto kuli malo amene kuya kwake kumafika mamita 700. Pamalo otere nangula safika pansi. Injini ikazima pakati pa mwera palibe chogwira sitima, ndipo imatembenuka n'kupereka nthiti zake ku mafunde, kumene kuli kukhala koopsa koposa. Chotero mnyamata wa m'chipinda cha injini amene amayang'ana mafuta, amasefa dizilo ndi kumvetsera kulira kwa makina ali pa ulonda mofanana ndi wa kutsogolo uja. Ndipo aliyense, ngakhale wophika, ayenera kudziwa kugwira wailesi pa tchanelo 16, kunena Mayday katatu, kutchula dzina la sitima, malo, vuto ndi chiwerengero cha anthu, pakuti tsiku la ngozi ofisala angakhale woyamba kuvulala.

MOTO, ZINGWE NDI MABOTI

Zimadabwitsa anthu a pamtunda kumva kuti amalinyero amaopa moto kwambiri pamene madzi awazinga ponseponse. Koma madzi akathiridwa pa mafuta oyaka amangomwaza motowo, pa nthambo za magetsi amapha wothirayo, ndipo akachuluka m'kati amabweretsa vuto la beseni lija. Moto umafuna zinthu zitatu, choyaka, kutentha ndi mpweya, ndipo luso lonse lagona pa kuumana chimodzi: kutseka mpopi wa mafuta, kutseka zitseko ndi mazenera, ndi kudziwa botolo lozimitsira loyenera moto umenewo. Belu kapena lipenga likalira kasanu ndi kawiri mwachidule kenaka kamodzi motalika, aliyense amathamangira pamalo ake olembedwa kale pa ndandanda yopachikidwa pakhoma. Palibe wofunsa mnzake kuti tichite chiyani.

Zimenezi sizilowa m'mutu powerenga. Zimalowa m'manja pobwereza. Pangano la maiko la SOLAS, limene linayamba chifukwa cha kumira kwa Titanic mu 1912, limalamula kuti wantchito aliyense wa m'sitima ayeserere kuzimitsa moto ndi kuthawa m'sitima kamodzi pamwezi kapena kuposa. Pangano lina, la STCW la 1978, limene lakhala likukonzedwanso, limafuna kuti munthu asanakwere sitima ngati wantchito aphunzire zinthu zinayi: kudzipulumutsa pamadzi, kupewa ndi kuzimitsa moto, chithandizo choyamba kwa ovulala, ndi kudzisamala pamodzi ndi kukhala bwino ndi anzake pantchito. Mapanganowa analembedwera sitima za panyanja zamchere, ndipo za kwathu zimayendera lamulo lathu la Inland Waters Shipping Act la 1995. Koma ife tikuona kuti mwera suchepa mphamvu chifukwa madzi ake ndi opanda mchere, ndipo muyezo wa maiko onse ndi umene tiyenera kudziyesa nawo.

Amene anakwerapo Ilala akudziwa kuti ola loopsa kwa wapaulendo si la pakati pa nyanja. Ndi lija limene sitima yaponya nangula patali ndi gombe, m'malo opanda doko monga Usisya ndi Ruarwe, ndipo anthu akutsika pa makwerero kulowa m'maboti amene akukwera ndi kutsika ndi mafunde: agogo, amayi obereka ana kumbuyo, njinga, nkhuku, nthawi zina kuli mdima. Pamenepo moyo wa munthu uli pa mfundo ya chingwe ndi pa dzanja la mmalinyero. Mfundo yabwino ndi imene siimasuka ikakokedwa koma imamasulika msanga ikafunika, ndipo pali zingapo zimene aliyense ayenera kumanga ngakhale atatsinzina. Ayeneranso kudziwa kuti chingwe chokungika chikaduka chimabwerera ngati chikoti, chingathe kuthyola mwendo, ndi kuti munthu saponda m'kati mwa chingwe chopindidwa.

Kusambira n'kofunika, koma sikokwanira. Bishopu Chauncy Maples wa mishoni ya UMCA anamira mu September 1895 boti lake litagudubuzika ndi mphepo ali pa ulendo wa ku Likoma, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Zimanenedwa kuti ankadziwa kusambira koma mkanjo unamulemera. Madzi a nyanja yathu ndi ofunda, chotero chimene chimapha si kuzizira monga ku Ulaya, koma kutopa, mafunde ndi mdima. Jekete loyandamitsa limagwira ntchito ngati lavalidwa ndi kumangidwa bwino ngozi isanafike. Likakhala m'bokosi lokiyidwa kuopa akuba, ndalama zake zinatayika.

MSILIKALI WA PABOTI

Msilikali wa pamadzi ali ndi zonsezi, kuwonjezera mfuti. Ku Mangochi komwe kuja kuli mzinga wa sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inapita ndi kaputeni Rhoades ku Sphinxhaven, kumene lero kuli Liuli, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa. Kaputeni wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Nkhondo ya pamadzi ija inapambanidwa ndi amene uthenga unamufikira msanga.

Lero nyanjayi tikugawana ndi Mozambique ndi Tanzania. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazingidwa ndi madzi a Mozambique, potsata mgwirizano wa 1954 umene unaika malire a mbali imeneyo pakati pa nyanja. Kumpoto, Malawi amaima pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, pamene Tanzania amanena za pakati pa madzi; nkhaniyi inabukanso mu 2012 mpaka inafika kwa a Joaquim Chissano ndi anzawo kuti ayanjanitse mbali ziwirizo. Nkhani zotere amakambirana ndi atsogoleri ndi akazembe. Koma amene amakumana maso ndi maso ndi bwato lachilendo usiku ndi kopolo ndi anyamata ake ochepa. Ngati sadziwa kuwerenga mapu kuti ali pati, kapena sadziwa pamene lamulo limamulola kuimitsa ndi kufufuza bwato, cholakwa chake cha mphindi imodzi chingasanduke mlandu wa maiko awiri.

Ndipo ntchito yawo siithera panyanja. Madzi atasefukira mu January 2015, pa namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, maboti a asilikali anatsikira kuchigwa cha Shire kukapulumutsa anthu a m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, monga ku Makhanga. Pamene ife kuno tinkafukula abale athu m'matope ku Chilobwe, kumeneko ena ankatsitsidwa m'mitengo ndi pa madenga. Kuyendetsa boti pa madzi osefukira ndi luso lina: madziwo amathamanga, pansi pali zitsa, mipanda ndi nthambo, ndipo pali ng'ona ndi mvuu, monga tinamva mu May 2023 pamene mvuu inagudubuza bwato lodzaza anthu pa Shire ku Nsanje. Boti lopulumutsa nalonso lili ndi muyezo wake, ndipo msilikali ayenera kulimba mtima kuuza anthu olira kuti ena adikire ulendo wachiwiri. Mtundu uyenera kuwathokoza anyamata amenewa, koma kuthokoza kwenikweni ndi kuwapatsa mpata woyeserera mvula isanagwe.

KWA INU A M'MAOFESI NDI M'MAKALASI

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa matebulo a awerengi athu. Ndalama zikachepa m'unduna, zimene zimadulidwa msanga ndi zimene sizioneka: mafuta oyeserera, kuyezetsa mabotolo ozimitsira moto, kusintha majekete ovunda, kutumiza mphunzitsi ku maphunziro owonjezera. Palibe nduna imene imaitanidwa kukadula riboni pa tsiku loyeserera kutsitsa boti, ndipo mtolankhani, tivomereze, sapitako. Tikupempha kuti pamene Boma likukonza za sitima yatsopano, ndalama za kuphunzitsa antchito ake zilembedwe pa pepala lomwelo la mtengo wa sitimayo, osati kudikira chaka chotsatira.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Malamulo a pa sitima amaperekedwa m'Chingerezi, ndipo n'koyenera kutero chifukwa ndicho chilankhulo cha pa wailesi ya pamadzi pa dziko lonse. Koma kuloweza mawu ndi kumvetsa chifukwa chake ndi zinthu ziwiri. Kabuku kakang'ono kolowa m'thumba, kolembedwa m'Chichewa, ndi kena m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kofotokoza nyali, malipenga, mfundo, moto ndi kapakiridwe ka katundu ndi zithunzi zake, kangathandize msilikali watsopano, wantchito wa pa sitima, ndiponso eni maboti a injini amene amaolotsa anthu m'magombe popanda kulowapo m'kalasi. Boti limene linagudubuzika ku Mlowe m'boma la Rumphi pa Pasaka wa 2017, litanyamula anthu ochokera ku mapemphero, linali la mtundu wotere. Mtengo wosindikiza kabukuko sungafike pa mtengo wa injini imodzi.

Inu aphunzitsi, mwana akakufunsani za ntchito musangomutchulira uphunzitsi, unamwino ndi ukalaliki. Muuzeni kuti ku Monkey Bay kuli sukulu, kuti kumafunika masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndi kuti atsikana nawonso angathe. Pophunzitsa za mphepo musalekezere pa za m'mabuku a kunja. Tchulani mwera wa miyezi yozizira ndi mpoto wa nthawi ya dzinja, ndipo tengani beseni la madzi mulowe nalo m'kalasi.

Ndipo inu amene ntchito yanu ndi yoyendera ndi kuwerengera chuma cha Boma, mukadzatumidwa kunyanja musalekezere pa malisiti a mu ofesi. Kwerani sitimayo, pemphani buku limene amalembamo masiku oyeserera, muone tsiku lomaliza. Kenaka itanani mmalinyero wamng'ono pa onse, mumufunse kumene iye amathamangira lipenga likalira kasanu ndi kawiri kenaka kamodzi motalika, ndipo mumutsatire akakuonetseni.